Mathero a sewero salembedwa tsiku lomaliza

Sewero la pa kanema la Lost linatha pa 23 Meyi 2010, litaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ABC ku America kwa masizoni 6, magawo 121, ndipo mpaka lero anthu akali kukangana za gawo lake lomaliza. Nkhani yake ndi ya anthu opulumuka pa ngozi ya ndege yochokera ku Sydney kupita ku Los Angeles, omwe anagwera pachilumba chodzala ndi zodabwitsa: utsi wakuda wopha anthu, zimbalangondo za kumalo ozizira m'nkhalango yotentha, ndi nthawi yobwerera m'mbuyo. Mlandu womwe ambiri amaimba alembi ake, Damon Lindelof ndi Carlton Cuse, ndi wakuti ankangopeka nkhani ali paulendo osadziwa kolowera. Monga mlembi wa masewero, ndikuti mlandu umenewu ndi wolakwika, ngakhale kuti sewerolo lili ndi mlandu wina weniweni.

Buku limalembedwa ndi munthu mmodzi amene angabwerere pa tsamba loyamba n'kukonza. Sewero la pa kanema silitero. Gawo likaonetsedwa lapita, ndipo wailesi imagamula chaka ndi chaka ngati ipitirize kulipira, potengera kuchuluka kwa oonera. Pakatipo moyo wa ochita sewero suima. Walt, mwana yemwe ankaoneka kuti ali ndi mphamvu zapadera, anachoka pachilumba msanga, chimodzi mwa zifukwa chili chakuti Malcolm David Kelley ankakula chaka ndi chaka pamene m'nkhanimo munali mutangodutsa miyezi yochepa. Mr. Eko anaphedwa mu sizoni yachitatu chifukwa Adewale Akinnuoye-Agbaje anafuna kuchoka. Michael Emerson anaitanidwa kuti adzaoneke m'magawo ochepa chabe, koma anasewera mokoma moti Ben Linus anasanduka mzati wa sewero lonse. Kusintha kotere si umbuli wa alembi ayi, ndiyo ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku.

Chomwe chimaumba mathero kuposa zonse ndi tsiku limene alembi auzidwa kuti nkhani idzatha liti. Poyamba ABC sinkafuna kuika malire pa sewero lomwe linkailowetsera ndalama, choncho alembi ankangozungulira malo amodzi, mpaka gawo lathunthu la sizoni yachitatu linathera pofotokoza chiyambi cha zojambula za pathupi pa Jack, mmodzi mwa opulumukawo. Mu Meyi 2007 anagwirizana kuti kwatsala masizoni atatu basi. Mwezi womwewo oonera anadzidzimuka: zomwe ankayesa kuti ndi zakale za Jack zinapezeka kuti ndi zam'tsogolo, iye ndi mnzake Kate atachoka kale pachilumba. Mlembi sangayerekeze kuulula zotere ngati sakudziwa kuti watsala ndi magawo angati. Mathero a 2010 anayamba kulembedwa pa mgwirizano wa 2007 uja.

Wina anganene kuti mlembi wanzeru akanakonza nkhani yonse asanayambe, monga anachitira J. Michael Straczynski, yemwe anayala Babylon 5 kuti idzatenge zaka zisanu ndipo analemba yekha magawo 92 mwa 110. Chitsanzochi ndi chabwino, koma chikuikira umboni mbali yanga. Michael O'Hare, yemwe anali mtsogoleri m'nkhaniyo, anachoka itatha sizoni yoyamba ndipo Bruce Boxleitner analowa ngati munthu watsopano. Mu sizoni yachinayi panali mantha kuti sewero lithera pomwepo, choncho Straczynski anapanikiza nkhani zikuluzikulu kuti zithe msanga n'kujambuliratu gawo lomaliza. Kenako wailesi ya TNT inavomera sizoni yachisanu, gawo lija linasungidwa mpaka 1998, ndipo n'chifukwa chake Claudia Christian, yemwe sanasewere nawo sizoni yachisanu, akuoneka m'gawo lomaliza. Ngati pulani ya munthu wokonzekera chonchi inapindika, kukhala ndi pulani sikungakhale muyeso wa mathero abwino.

Muyeso womwe timagwiritsa ntchito ndi wa ngongole. Funso lililonse limene mlembi wadzutsa ndi ngongole kwa woonera, ndipo gawo lomaliza ndi tsiku lobweza. Pali ngongole ya anthu a m'nkhani ndi ngongole ya zinsinsi. Yoyambayo Lost inabweza yonse. Jack, dokotala yemwe ankaseka chikhulupiriro cha John Locke choti chilumba chili ndi cholinga, ndiye akutsikira m'phanga kukabwezeretsa mwala potsekera kuwala kwa chilumba, akudziwa kuti moyo wake uthera pomwepo. Asanatsike akumwetsa mnzake Hurley madzi a mumtsinje pomusiyira udindo wosunga chilumba, ndipo Hurley akupempha Ben, munthu wodziwika ndi bodza, kuti akhale womuthandiza. Pambuyo pake, onse atakumana m'tchalitchi, Ben akukhala panja pa benchi chifukwa sanakonzeke kulowa. Mphekesera yakuti onse anafa pa ngozi ya ndege ija ndi yabodza. Bambo ake a Jack akunena mosabisa kuti za pachilumba zinachitikadi, ndipo tchalitchicho ndi malo omwe anakumana atamwalira, aliyense pa nthawi yake. Chinasokoneza ambiri ndi zithunzi za zibenthu za ndege zomwe ABC inaika pansi pa mayina kumapeto.

Apa wotsutsa ali ndi mfundo yamphamvu: kunena kuti nkhani inali ya anthu, osati zinsinsi, kungakhale njira yothawira ngongole. Ndikuvomera, ndipo mlandu weniweni ndi umenewu. Sewero lomwe linakopa anthu zaka zonsezo ndi manambala a 4, 8, 15, 16, 23 ndi 42 silingatembenuke tsiku lomaliza n'kunena kuti mafunso analibe ntchito. Ena anayankhidwa ndithu: zimbalangondo zinabwera ndi asayansi a Dharma Initiative, ndipo manambalawo anapezeka kuti akuimira anthu omwe Jacob, yemwe ankasunga chilumbacho, anasankha kuti mmodzi adzalowe m'malo mwake. Koma mphamvu za Walt ndi imfa za amayi oyembekezera pachilumba sizinafotokozedwe mokwanira, ndipo kuwala komwe nkhani yonse inatsamirapo kunaonetsedwa sewero litatsala pang'ono kutha. Alembi anali ndi zaka zitatu akudziwa tsiku lomaliza, koma mbali yaikulu ya sizoni yomaliza anaithera pa moyo wina wa anthu omwewo, womwe tanthauzo lake analibisa mpaka mphindi zomaliza. Apa sangaloze chala wailesi.

Chigamulo changa n'chakuti Lost inatsiriza bwino nkhani ya anthu ake koma inasiya ina mwa ngongole ya zinsinsi, ndipo inatero mwa kusankha, osati mwa kusochera. Mukamaonera gawo lomaliza la sewero lililonse la mtunduwu, musafunse ngati alembi ankadziwa zonse pa tsiku loyamba, pakuti palibe amadziwa. Funsani kuti anauzidwa liti za tsiku lomaliza, ndipo nthawi yotsalayo anaigwiritsa ntchito bwanji.