AMISIRI A ZOMBO NDI CUMA CA MASIYE

Zaka mazana anai zapitazo, ku England, mmisiri wopanga zombo sanali kukhala pa dooko pokha ai. Combo ciri conse ca ulendo wautali cinali kutenga kalipentala wace, woti azitseka ming'alu ndi kukonza milongoti yothyoka. Maulendowo anali oopsya. M'caka ca 1601 zombo za East India Company zinanyamuka ndi James Lancaster, ndipo pofika kunsi kwa Africa anthu oposa 100 anali atafa kale, ambiri ndi nthenda yotupitsa nkhama.

Cifukwa cace mmisiri wanzeru, asanakwere combo, anali kulembetsa wilo, ndiye kalata wonena za kagawidwe ka cuma cace. M'menemo anali kuchula wolandira nyumba, nkhwangwa, sowo ndi malipiro ace amene anali asanatuluke, nasankhanso munthu wokhulupirika, kawiri-kawiri mkazi wace, kuti atsirize zonse.

Nanga wodwala pakati pa nyanja? Iyeyu anali kuitana anzace, nanena mau ace pamaso pao. Atabwera kwao, mbonizo zinali kukalumbira ku bwalo la Mpingo, pakuti kufikira 1858 mabwalo a Mpingo ndiwo anali kutsimikiza mawilo. Lalikulu linali Prerogative Court of Canterbury, ku London. Lamulo la 1677 linacepetsa mphamvu ya wilo wa pakamwa, koma linalekerera asilikari ndi amalinyero, podziwa kuti pa nyanja mlembi asowa. Zobvala ndi bokosi la womwalira zinali kugulitsidwa patsinde pa mlongoti. Mtengo wace unali kudulidwa pa malipiro a ogulawo, nuperekedwa kwa amasiye.

Munthu akafa wopanda wilo, munda unali kugwera mwana wamwamuna woyamba yekha. Za katundu wina, lamulo la 1670 linati agawidwe patatu: gawo limodzi la mkazi, awiri a ana.

Kutaya atate kunali kugwetsa ngakhale ana a amisiri omveka. Peter Pett, mmisiri wamkulu wa zombo za Mfumu ku Deptford, anamwalira mu 1589. Mkazi wace anakwatiwanso, ndipo mwana wao Phineas anasauka kufikira analowa combo, nagwira nchito ya ukalipentala pa nyanja ngati zaka ziwiri. Cimene cinampulumutsa ndico luso la m'manja mwace. Pambuyo pace iye yemweyo anapanga Prince Royal mu 1610, ndi Sovereign of the Seas mu 1637 pamodzi ndi mwana wace Peter.

Amisiri aja anadziwa cinthu cimodzi: wogwira nchito yoopsya atuluka m'mawa osadziwa za madzulo. Kulemba wilo sikunali kuitana imfa, koma kuletsa ndeu pa maliro, kuti mkazi ndi ana asatsale manja ali m'khosi.