Kodi Mwanyamula Ciani Pocoka Panyumba?

Munthu aliyense pocoka panyumba m'mawa amagwila m'thumba kuti aone ngati makiyi, foni ndi ndalama za basi zilimo. Akaiwala foni amabwelela ngakhale atafika kale pasiteshoni. Koma ndi ocepa amene amabwelela cifukwa ca khadi ya kucipatala kapena mapilisi akumwa masana. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Matenda akhoza kugwila munthu ali kumsika, m'basi, kunchito kapena pamalilo, pakati pa anthu amene sadziwa dzina lake ngakhale vuto lake. Pa nthawi yotelo cimene cimamuthandiza ndi cimene ananyamula yekha. Zinthu zimene tifotokoza pano ndi zazing'ono, zosadula, ndipo zonse zikwana m'cola cimodzi.

Kapepala kolankhula m'malo mwanu

Coyamba ndi kapepala kamene mungalembe lelo lomwe. Lembanipo dzina lanu, komboni imene mukhala, manambala a foni a abale awili, matenda amene muli nao ndi maina a mankhwala amene mumamwa. Ngati pali mankhwala amene amakutupitsani kapena kukutulutsani ziwengo, monga penisilini, Septrin kapena Fansidar, lembani zimenezi ndi zilembo zazikulu. Kapepalaka kakulungeni m'kapulasitiki ndi kukaika pamodzi ndi citupa canu ca NRC.

Ena adzati zonsezi zili kale m'foni. Koma foni imatha moto, makamaka masiku amene malaiti azima, ndipo pangozi ikhoza kusweka kapena kubedwa. Ngakhale ikhale yabwinobwino, munthu wokutolani panjila sadziwa nambala yotsegulila. Munthu wokomoka sayankha mafunso a anamwino. Kapepala ndiko kamayankha. Ana a sukulu ndi agogo amene ayamba kuiwalaiwala afunika kapepala kotele koposa wina aliyense.

Makhadi a kucipatala

Amai, khadi ya sikelo isamatsale panyumba pamene mwana ali kumsana. Pakhadi imeneyi ndipo palembedwa kulemela kwa mwana mwezi ndi mwezi ndi akatemela amene analandila: wa pobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wa cikuku pa miyezi 9 ndi 18. Mwana akadwalila kutali, anamwino a kumeneko adzaona pakhadi ngati wakhala akutsika sikelo kapena ngati pali katemela amene anamudumpha. Popanda khadi amangodalila zimene mai akumbukila, ndipo mai amene mwana wake watentha thupi sakumbukila zonse.

Amai apakati naonso ayende ndi khadi yao kulikonse, ngakhale popita kumsika wa Kapata. Mimba siuza tsiku. Khadi imaonetsa miyezi ya mimba, BP, kuculuka kwa magazi ndi mankhwala amene mai akulandila. Mwacitsanzo, mai amene akumwa Septrin sayenela kupatsidwanso Fansidar, ndipo anamwino amene sakumudziwa adzadziwa zimenezi poona khadi. Mimba ikafika miyezi 8, cola ca zitenje ndi zovala za mwana cikhale cokonzeka pafupi ndi khomo. Amene ali ndi khadi ya NHIMA aziinyamulanso.

Mankhwala a masiku onse

Amene amamwa mankhwala a BP, a shuga, a khunyu, a TB kapena ma ARV anyamule a tsikulo ndi ena a masiku awili kapena atatu. Basi ikhoza kufela panjila, mvula ikhoza kukugonetsani kwa abale. Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi yosacepela 6, ndipo ma ARV ndi a moyo wonse. Munthu akamadumpha masiku, tizilombo timapeza mpata woculukanso ndi kuzolowela mankhwalawo, kotelo kuti pambuyo pake sagwilanso nchito. Wa khunyu akadumpha mapilisi akhoza kugwa pamseu kapena pamoto. BP nayo imakwela mwakacetecete, munthu osamva kuwawa kulikonse, kufikila tsiku limene ziwalo zifa mbali imodzi.

Odwala shuga amene amamwa mapilisi kapena kubaya insulini asayende opanda maswiti kapena kapaketi ka shuga. Munthu akamwa mankhwala koma nacedwa kudya, shuga wa m'magazi amatsika kwambili. Amayamba kunjenjemela, kutuluka thukuta, kumva njala ndi kulankhula zosamveka, ndipo anthu panjila amamuyesa woledzela. Masupuni ang'ono atatu a shuga osungunula m'madzi amamutsitsimutsa m'mphindi zocepa, kenaka adye cakudya. Koma ngati wakomoka musamuthile kanthu m'kamwa, cifukwa akhoza kutsamwa. Mugonekeni cam'mbali ndi kuthamangila naye kucipatala. Insulini imaonongeka ndi kutentha, motelo isasiidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Wa cifuwa ca mphumu asasiye kopopela kake. Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, utsi wa malasha ndi mphepo ya mu Juni zimautsa matendawa mosayembekezeka, ndipo kopopela kamene katsala pawindo kunyumba sikathandiza munthu amene akubanika m'minibasi.

Madzi ndi sopo

Ulendo wa pabasi wocokela ku Chipata kupita ku Lusaka ndi wa makilomita oposa 500, ndipo m'cigwa ca Luangwa mu Okutobala mumatentha koopsa. Munthu waludzu amamwa madzi alionse amene wapeza. Nyamulani botolo lanu la madzi owilitsa kapena othila Clorin. Mukathila Clorin tsatilani muyezo wolembedwa pabotolo ndi kudikila mphindi 30 musanamwe. Botolo lizitsukidwa ndi sopo tsiku ndi tsiku. Madzi omanga m'mapulasitiki amene simudziwa kumene anatungidwa musapatse mwana.

Tisaiwale zimene zinacitika kuyambila mu Okutobala 2023 kufikila mu 2024, pamene kolela inagwila anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. Mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka linasandulika cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Kolela imalowa pakamwa, kudzela m'madzi, m'cakudya ndi m'manja. Cidutswa ca sopo m'kapulasitiki sicilema. Sambani m'manja mukacoka kucimbudzi, mukasintha mwana thewela ndiponso musanadye zitumbuwa kapena nsomba zogula panjila. Sambani ndi madzi othilila, osati m'beseni imodzi imene asambamo anthu khumi.

M'cola ca mai woyenda ndi mwana mukhalenso paketi imodzi kapena awili a madzi a moyo. Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo otsala atayidwe pakapita maola 24. Ngati paketi palibe, thilani masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukila ndi theka la supuni yaing'ono ya mcele m'lita imodzi. Mwana wotsegula m'mimba ayambe kumwa pomwepo, pang'onopang'ono, ndipo apitilize kuyamwa pamene mukupita naye kukiliniki. Cimene cimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo kukhoza kucitika m'maola ocepa.

Paulendo wokagona

Uthenga wa malilo umabwela mwadzidzidzi, ndipo anthu amanyamuka ndi citenje ndi ndalama za cipepeso cabe. Pamalilo anthu amagona panja kapena m'nyumba yosatseka, masiku awili kapena atatu. Ngati kuli kotheka nyamulani neti ya udzudzu, makamaka amai apakati ndi a ana aang'ono, pamodzi ndi zovala zofika kumanja ndi kumapazi. Mukatentha thupi patapita sabata imodzi kapena awili mutabwelako, pitani mukapimitse malungo. Ngati mankhwala anu a masiku onse athela komweko, pitani ndi khadi yanu kukiliniki imene ili pafupi. Musadikile tsiku lobwelela.

Atsikana ndi amai asunge thewela la kumwezi limodzi kapena awili m'cola. Amene amanyamula makondomu aone tsiku lothela nchito papaketi, ndipo asawasunge nthawi yaitali m'thumba la kumbuyo, cifukwa kutentha ndi kukhalila kumawaononga.

Zoyenela kupewa

Musasakanize mapilisi osiyanasiyana m'kapepala kamodzi kopanda dzina. Asiyeni m'paketi imene anabwelamo kuti aliyense athe kuwelenga dzina ndi kamwedwe kake. Musagawile mnzanu wa m'basi mankhwala anu cifukwa cakuti nayenso mutu ukumuwawa, pakuti mapilisi otsitsa BP kapena shuga akhoza kugwetsa munthu amene alibe matendawo. Mukafika kwa eni ake, cola cikolekeni pamwamba. Ana amakonda kufufuza m'zola za alendo, ndipo mapilisi oonjezela magazi amaoneka ngati maswiti. Mwana akameza ambili akhoza kufa. Zikacitika, thamangilani naye kucipatala pamodzi ndi paketi yake, ngakhale aoneke ngati ali bwino.

Nchito imeneyi icitike madzulo, osati m'mawa pamene minibasi ikuliza hutala. Khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu, lembelani aliyense kapepala kake, ikani makhadi m'pulasitiki kuti asanyowe ndi mvula, ndipo dzazani mabotolo a madzi. Kamodzi pamwezi khuthulani cola, tayani zimene zatha nchito ndi kubwezelamo zimene zasowa. Mukapita kukiliniki ulendo wotsatila, pemphani anamwino kuti aone ngati maina a mankhwala mwawalemba bwino.