Chiwongoladzanja cha Pakati Chipezeka Bwanji?

Mphunzitsi wa kwa Mfumu Makhuwira wofuna kudziwa msinkhu wa madzi a Shire kwaoko angathe kufunsa muyeso wa pa Chikwawa ndi wa pa Chiromo, nalingalira za pakati. Koma mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo ikasefukira, monga inachitira pa namondwe wa Freddy mu 2023, kulingalira kotere kumamsokeretsa. Bvuto lomweli lili m'mabanki ndi m'mabungwe osunga penshoni.

Boma likafuna kukongola, Reserve Bank of Malawi imagulitsa zikalata za ngongole: zina za masiku 91, 182 ndi 364, zina za zaka 2, 3, 5, 7 ndi 10. Chilichonse chili ndi chiwongoladzanja chake, ndipo zikandandalikidwa papepala zimapanga mzere wochedwa yield curve. Tsono chikalata chimene chatsala ndi zaka 4 chilibe muyeso wake pamsika. Aupeka ndi makina a kompyuta.

Njira yapafupi ndiyo ya chingwe chowongoka. Tiyerekeze kuti zaka 3 zipatsa 20 pa 100, ndipo zaka 5 zipatsa 24. Pamenepo zaka 4 zidzapatsa 22. Mwana wa Standard 8 angaichite, koma mzere wake uthyoka pa mfundo iliyonse. Njira ya cubic spline imaupinda bwino ngati nsungwi, komatu muyeso umodzi wolakwa ugwedeza mzere wonse. Nelson ndi Siegel anafalitsa yao mu 1987, yosaumiriza mzere kupyola pa mfundo zonse. Hagan ndi West anadza ndi ina mu 2006.

Wina adzati nkhani ya akalaliki a ku banki imeneyi. Iai. Lonjezo la K1,000,000 yolipidwa zitapita zaka 4 liwerengedwa lero K451,400 ngati makina atenga 22, koma K436,900 ngati mzere wopindika utenga 23. Kusiyana kwa K14,500 kumeneko, pa miliyoni iliyonse, kulowa m'mabuku a thumba la penshoni limene ndarama zake zambiri zakongozedwa ku Boma.

Kwathu kuno zikalata za zaka zambiri sizigulitsidwa kawirikawiri, chotero miyeso ili yochepa ndi yotalikirana. Pamene zinthu zili chomwecho ife tiona kuti chingwe chowongoka chiposa nsungwi, pakuti wowerengera mabuku angathe kuchitsata ndi pensulo, naona pamene makina analakwa.