Pistoni Simagulidwa na Maso: Pimisani Silinda Poyamba

Mu Okutobala, mukangochoka pa tara ya Makeni Road kulowa ku ma plot, fumbi ndiye bwana. Ngati muli na ka Yamaha DT125 kapena AG100, mudziwa kale nyimbo yake: kiki yafewa monga siponji, mphamvu yatha, mkati muli ka phokoso ati nge-nge-nge. Fumbi yadya ma ring'i, pistoni yalema.

Manje apa ndiye pamene ambiri aonongera ndalama. Munthu akwera basi kuyenda mu tauni, afika pa kauntala ati, "Ba boss, nipatseniko pistoni ya DT." Ya saizi bwanji? Zii.

DT125 yochoka ku fakitale ili na silinda ya 56 mm. Koma honda yanu yapita m'manja angati? Mwina mwini wakale anaiboola kale, ndipo ma oversize ayenda 0.25, 0.50, mpaka 1.00 mm. Mukaika standard mu silinda yoboola, pistoni izavina mkati. Mukakakamiza yaikulu, izagwira ikangotentha, imwe muli pakati pa Kafue Road. Mpata wofunika ni pafupifupi 0.05 mm chabe, kuchepa kupambana tsitsi limodzi. Maso sangaone zimenezo. Masulani silinda, muipeleke ku injiniyaring'i aipime. Ngati ifunika kuboola, gulani pistoni ya saizi yotsatira muwapatse, aboole molingana nayo.

Anyamata a YZ na KTM, nkhani yanu ni ina. Silinda yanu ili na chikopa cholimba mkati, monga Nikasil, ndipo siiboolewa monga ya DT. Ma pistoni ake abwera na zilembo A, B, C, kusiyana 0.01 mm. Makanika akakamba zoboola imeneyo, nyamulani katundu wanu muyende.

Nanga cast kapena forged? Forged, monga ya Wiseco, ni yolimba zoona, ndipo dzina imveka bwino pa bala. Koma ifutukuka maningi ikatentha, ifuna muyembekeze injini ifunde musanakoke moto. Imwe amene muliza honda m'mamawa mwachedwa kale ku nchito, muzakwanitsa? Kwa ine, wa maulendo a Makeni na tauni atenge cast yabwino, ya Yamaha yeniyeni kapena ProX. Forged siyirani othamanga mpikisano. Zija za m'kabokosi kopanda dzina, mtengo wake ukoma pa kauntala chabe.

Pomanga, kamuvi ka pamutu pa pistoni kayang'ane ku ekizozi. Tuma circlip ikani twatsopano, na ka bering'i ka small end. Kakale kakasomoka kazakanda silinda yonse, ndiye ndalama za lendi zapita. Ndipo musanalize, tsukani air filter muipake mafuta, chifukwa fumbi ija ya ku ma plot ikali kukuyembekezani pa geti.