Kabowo ka Pansi pa Mpando

Ndi mwezi wa Okutobala, nthawi yangopitirira 1 koloko masana. Tatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, tadutsa pa Thabwa, tawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, ndipo tsopano tikulowera ku Nchalo. Phula likunyezimira ngati lathiridwa madzi. Mbuzi zonse zathawira pansi pa mitengo. Kuchigwa kuno, miyezi ino kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto imene yakhala padzuwa mumakhala ngati mu uvuni.

Tamverani kaphokoso aka. Sikakuchokera ku injini ayi. Kakuchokera kumbuyo, pansi pa mpando pamene pakhala amayi awiri ndi mwana: fuuu, ngati munthu akukoleza moto wa nkhuni zaziwisi. Adalaivala akweza wailesi kuti asakamve. Koma kaphokoso kameneka ndi kamene kandichititsa kukonza pulogalamu ya lero, chifukwa ndaona anthu ambiri akulira batire imene sikanayenera kufa.

Za mizere ya mafuta sindikuuzani, munagonapo nokha. Mukudziwanso chimene chinakopa anthu kugula magalimoto a hybrid. Toyota inatulutsa Prius ku Japan mu 1997, Aqua inatsatira kumapeto kwa 2011, ndipo kwathu kuno zambiri zinafika zitayendapo kale, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Zinabwera ndi buku la malangizo, inde, koma la Chijapanizi. Ngakhale uthenga wochenjeza pa dashibodi umatuluka m'zilembo zimene mwini galimoto satha kuwerenga. Galimoto tinalandira, koma nzeru zoisamalira zinatsalira kutsidya kwa nyanja.

Nzeruzo si zovuta. Mu Aqua, batire yaikulu ili pansi pa mpando wakumbuyo: timabokosi 20 tolumikizana, tonse pamodzi 144 volts. Mu Prius ya pakati pa 2009 ndi 2015 timabokosi ndi 28, mphamvu yake kupitirira pang'ono 200 volts, ndipo ili kuseri kwa mpando, cha ku buti. Batire ikamalandira magetsi imatentha, ikamapereka imatenthanso. Ilibe madzi oiziziritsa ngati injini. Chimene ili nacho ndi kafani kamodzi, kamene kamakoka mpweya kudzera pa kabowo kotchingidwa ndi timipata, pafupi ndi mpando wakumbuyo. Mpweyawo suchokera panja. Ndi womwewo umene mukupuma inu okwera. Mukamatuluka thukuta, dziwani kuti batire nayonso ikuvutika.

Ndiye taganizani za adalaivala amene azimitsa AC kuti apulumutse mafuta, kumbuyo kwakhala anthu anayi, thumba la mpunga lili pamapazi, chitenje chagwera pa kabowo kaja, ndipo mpando wonse wavekedwa chikopa chokongola chimene osoka sanasiye mpata. Imeneyo ndi batire yotsekedwa pakamwa ndi mphuno pomwe.

Pali bambo wina amene ndinakhala naye tsiku lonse. Galaja yawo ndi mthunzi wa mtengo wa mango, bokosi la masipanala ndi benchi. Galimoto ya hybrid ikafika, iwo sathamangira ku boneti. Amatsegula chitseko chakumbuyo, kugwada, n'kutchera khutu. Kenako amang'amba kapepala kopyapyala n'kukaika pa kabowo kaja, galimoto ikadali yoyaka ndi yotentha. Fani ikamakoka bwino, kapepalako kamamatirira. Ikamalira kwambiri koma kapepala n'kumagwa, ndiye kuti njira yatsekeka.

Apo amazimitsa galimoto, kuchotsa waya wa batire yaing'ono ya 12 volts, n'kuyamba kumasula timapini ta pulasitiki kamodzikamodzi, akutiika m'chivindikiro cha chitini kuti tisasowe. Fani ikatuluka, imaoneka ngati kagudumu ka timapiko tambirimbiri topindika. Tsiku limenelo timapikoto sitinkaoneka n'komwe. Panali chinthu chotuwa, chokhuthala ngati bulangete: fumbi la msewu, tsitsi, ulusi wa zitenje, gaga, tizidutswa ta jumbo. Anachitukula ndi zala ziwiri n'kuchiika pachikhatho cha mwini galimoto, osanena kanthu.

Kenako anatenga mswachi wakale. Kapiko koyamba, kupukuta kuchokera mkati kupita kunja. Kuzungulitsa pang'ono. Kapiko kachiwiri. Kuuzira. Kachitatu. Ndinayesa kuwerenga timapikoto koma ndinasokonezeka panjira. Iwo sanadumphe ngakhale kamodzi, poti fumbi likatsalira mbali imodzi fani imazungulira mopendekeka n'kuyamba kunjenjemera. Madzi sanagwiritse ntchito. Mafuta sanathire. Mswachi, mpweya wa m'kamwa ndi kansalu kouma basi. Mango anagwa pa denga la galimoto, iwo osatukula mutu. Mwana wawo anabwera ndi nsima, inazizira pa benchi. Atamaliza anakweza fani ija kudzuwa, kuyang'ana ngati kuwala kukudutsa pa mpata uliwonse, n'kubwereranso pa timapiko tiwiri timene sanakhutire nato. Anapisa dzanja m'chipaipi chopita ku batire, poti makoswe amakonda kumangamo chisa. Anatsuka kasefa ka pakhomo pa kabowo, n'kundionetsa kuti magalimoto ena akale alibe kasefa n'komwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini galimoto uja anali atauzidwa kwina kuti agule batire ina. Anachoka pamenepo atalipira ya mswachi ndi ya nthawi.

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za batire ya galimoto ya hybrid m'nyengo yotentha. Tanena kuti imazizira ndi mpweya wa m'galimoto momwemo, kudzera pa kabowo ka kumpando wakumbuyo, ndipo kabowoko ndi fani yake zimatsekeka ndi fumbi.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma vuto ili limayimba. Fani imalira mokweza ngakhale m'mawa. Injini imakana kuzima pamaloboti, chifukwa kompyuta yaona kutentha ndipo ikuipumitsa batire. Mafuta amayamba kutha msanga. Pachitunda galimoto imalemera. Timizere ta batire pa dashibodi timadzaza msanga n'kutha msanga, ndipo pofika apa batire yayamba kale kufooka. Timabokosi ta pakati ndi timene timayamba kufa, chifukwa ndi timene timatenthedwa kwambiri. Kabokosi kamene kapsa sikachira, ngakhale mutatsuka fani mawa lake. N'chifukwa chake ndikuti chitanipo kanthu lero.

Mtsetse uja tatsika kupita ku Thabwa uli ndi phunziro lake. Potsika, galimoto imasandutsa liwiro kukhala magetsi, batire imadzaza, ndipo batire yodzaza imatentha msanga. Pa giya pali chilembo B. Chinaikidwira malo ngati amenewa, kuti injini ithandize kugwira galimoto. Mukafika pansi musaiimike padzuwa mawindo ali otseka. Funani mthunzi. Makolo athu sankalimitsa ng'ombe dzuwa lili paliwombo, ndipo mtsuko wa madzi ankauika pakona pozizira.

Si kutentha konse kumene kumachokera ku batire. Kutsogolo kuli chipangizo chotchedwa inverter, chimene chili ndi madzi akeake a pinki ndi kapampu ka magetsi. Galimoto ikayaka, madzi a m'kabotolo kake amayenera kuoneka akuyenda. Akangoti zii, pampu ingakhale itafa, ndipo makina oyezera amaonetsa P0A93. Nambala imene eni magalimoto amaiopa ndi P0A80, yonena kuti batire isinthidwe. Ikatuluka, musalipire msanga. Pemphani kuti akuonetseni mphamvu ya chigawo chilichonse ndi kutentha kwake, ndipo funsani kuti fani anaiona kapena ayi. Batire yatsopano yoikidwa kuseri kwa fani yotsekeka idzafa imfa yomweyo. Pokonzetsa AC, uzani amisiri kuti kompresa yake ndi ya magetsi ndipo imafuna mafuta akeake, osati a galimoto wamba. Anyamata otsuka magalimoto asathire madzi pafupi ndi kabowo kaja.

Koma mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze. Achimwene, alongo, magetsi amenewo amapha. Kupukuta pakhomo pa kabowo ndi ntchito yanu. Kutsegula batire ndi ntchito ya wophunzira, wovala magolovesi oyenera.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu ogulitsa magalimoto, pamene mukupereka makiyi, gwadani ndi wogulayo mumuonetse kabowoko. Sizitenga mphindi ziwiri. Inu a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja, maphunziro a hybrid afikenso kwa amakaniko a pansi pa mitengo, ku Ngabu, ku Salima, ku Mangochi, ku Karonga, kumene dzuwa limaswa mtengo. Pakhale wina wolemba malangizowa m'Chichewa, papepala limodzi lokwana m'thumba. Ambiri amene anagula magalimotowa anachita kutenga ngongole, ena ndi ndalama za penshoni, ndipo galimotoyo ndi imene imalipira fizi ya ana. Bambo wa mswachi uja ndi mmodzi, ndipo tsiku lake limatha ndi magalimoto ochepa. Inu amene muli ndi galimoto yotere pabwalo, pulogalamu ino ikatha tulukani, tsegulani chitseko chakumbuyo, chotsani chimene chatchinga, muike chikhatho pa kabowoko. Chonde, mvula isanagwe, kuli masabata ambiri otentha.