Girizi wolakwika amachedwetsa mbewu

Mbewu ya chimanga ikafika ku Njombe kapena ku Mbeya mvula yobzalira itagwa kale, mlimi safunsa chimene chinachitika panjira. Ife onyamula mbewu kuchokera ku Dar es Salaam taphunzira kuti ulendo wa ku Mbeya, wa makilomita oposa 800, ukhoza kuthera pa kachitsulo kamodzi kogwira gudumu lakutsogolo, kamene amakaniko amati ball joint.

Chaka china galimoto yathu inagwada titangopitirira Iringa, matumba ali pamsana. Titamasula tinapeza m'kati mouma ndi mwadzimbiri: pagalaja ina anali atapopera girizi wa mtundu wina pamwamba pa wakale. Girizi ndi mafuta osakaniza ndi chowalimbitsa, ndipo zolimbitsazi sizimvana zonse. Wa lithium akakumana ndi wa dongo la bentonite kapena wa polyurea amatha kufewa n'kudontha, chitsulo n'kutsala chikudyana ndi chinzake.

Pogula ku Kariakoo tinaleka kufunsa za wofiira kapena wabuluu, pakuti umenewo ndi utoto chabe. Timawerenga pachitini. Kulimba kwake kukhale NLGI 2. Popeza ball joint sizungulira monga beringi koma imangogwedezeka itasenza katundu, girizi amafinyikira kumbali. N'chifukwa chake timafuna wokhala ndi molybdenum disulfide, magawo 3 mpaka 5 pa 100, amene amatsalira pachitsulo mafuta akachoka.

Mdani wamkulu kuno ndi madzi. Kuyambira March mpaka May, mtsinje wa Msimbazi ukasefukira ku Jangwani, magalimoto amawoloka m'matope, ndipo mphepo ya mchere ya kunyanja ilipo chaka chonse. Girizi wa lithium complex amagwira ntchito ndithu, koma ife timasankha wa calcium sulfonate, amene sakokoloka msanga ndipo amaletsa dzimbiri. Ndi wokwera mtengo, inde, koma safika pa mtengo wokokera galimoto kuchokera ku phiri la Kitonga.

Ball joint zambiri za masiku ano zimabwera zomata, zopanda popopera. Mphira wake ukang'ambika, nzeru n'kusintha basi. Zokhala ndi popopera timayamba tapukuta kamwa kake kuti mchenga usalowe, kenaka timapopa pang'onopang'ono mpaka mphira utangoyamba kutupa. Kupitirira apo umaphulika.