Buku Limodzi, Makutu Ambiri

Pamene makolo athu, amene kumudzi ankatchedwa machona, anafika ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kudzafuna ntchito, nakhala m'malokeshoni a Harari, amene lero ndi Mbare, ndi a Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, ambiri a iwo analibe buku lina koma Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922, ndi buku la nyimbo. Ndipo popeza odziwa kuwerenga anali ochepa, mmodzi ankawerenga mokweza anzake atatchera khutu, kaya ndi kalata yochokera ku Dedza, kaya ndi chaputala cha Uthenga Wabwino. Mpingo umene Mbusa T.C.B. Vlok anadza kudzauweta mu 1912, umene lero uli Sinodi ya Harare ya CCAP, unaleredwa ndi kuwerenga kotereku. Nzeru ya pa pepala inali ngati chitsime cha pamudzi, chimene wokumba sachitsekera ndi loko.

Masiku ano zinthu zavuta. Nyumba zowerengeramo mabuku za khonsolo, monga ya ku Highfield ndi ya ku Kambuzuma, zilipo ndithu, koma mabuku ake ambiri anakalamba, ndipo chiyambire kugwa kwa ndalama kwa 2008, kholo limene lasunga kangachepe limayamba lagula ufa. Chionetsero cha mabuku chimene chinayamba mu 1983, nichikoka olemba a m'maiko ambiri kudza ku Harare Gardens, chinazilala. Book Café, kumene okonda mabuku ankakumanako, nayo inatseka zitseko mu 2015. M'misewu mwadzaza mabuku ojambulidwa mwakuba, otsika mtengo, amene sapatsa mlembi ngakhale khobidi, ndipo ine sindingawayamikire, pakuti wantchito ayenera kulandira mphotho yake.

Njira yabwino makolo anatisiyira kale. Machona aja, poopa kuikidwa ngati alendo opanda mbale, anakhazikitsa mabungwe a maliro, aliyense nasonkha pang'ono mwezi ndi mwezi, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga; ndipo ngati anthu khumi a mu msewu umodzi wa ku Tafara angasonkherane chomwecho, nagula buku limodzi lenileni, kaya la Charles Mungoshi kaya la Tsitsi Dangarembga, naliyendetsa khomo ndi khomo, nakumana Loweruka madzulo kukambirana zimene apezamo, mlembi adzalandira zake, ndipo mayi wogulitsa tomato, amene sukulu anailekera panjira, adzatsutsana ndi mphunzitsi pa za mkazi wa m'nkhaniyo, mphunzitsiyo naphunzirapo kanthu.

Chimene chimandiwawa mtima koposa n'chakuti adzukulu a machona, amene Chishona achidziwa bwino lomwe, sanaonepo Nthondo wa Samuel Josia Ntara, buku la mu 1933 lonena za dziko la agogo awo. Amene mukwera basi ya ku Lilongwe, mukadzere m'sitolo ya mabuku, mukatengereko gulu la kwanu buku limodzi la Chichewa, agogo amene akali moyo adzawamasulire anawo mawu ovuta.